Tizigoba ta m'Matope ndi Mbiri ya Nyanja Zakale: Phunziro la Kugombe la Chilwa

M'nyengo yoyeserera kuphunzitsa ya chaka chatha ndidakayendera wophunzira wathu wina pa sukulu ina ya kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, cha kufupi ndi doko la Kachulu. Phunziro lidali la sayansi mu Sitandade 7. Phunzirolo lili mkati, mtsikana wina adatulutsa m'thumba la diresi lake zigoba zitatu za nkhono, zoyera ndi zofumbutuka, nanena kuti atate ake adazipeza pokumba chitsime kumudzi kwawo, ulendo wa ola lathunthu kuchokera pamene madzi a nyanja amalekeza. Funso lake lidali lalifupi: "Aphunzitsi, kodi nkhonozi zidafikako bwanji pansi pa nthaka?" Mphunzitsiyo, amene ndi mnyamata wakhama ndithu, adayankha mosazengereza kuti kalekale dziko lonse la Malaŵi lidali pansi pa nyanja yaikulu yamchere, pa nthaŵi ya zinyama zija zotchedwa dinosaur. Ana adalemba yankholo m'makope mwawo, belu nkulira.

Yankholi ndi lolakwa. Sindikumunena mnyamatayo, pakuti ndidalimvapo kale kwa aphunzitsi okhwima pa ntchito. Kulakwa kwake kuli paŵiri. Poyamba, si zoona kuti dziko lathu lidamira m'nyanja yaikulu pa nthaŵi imeneyo. Chachiŵiri, ndipo ichi ndicho chimandidetsa nkhaŵa, mwanayo adabwera ndi umboni m'manja, koma adabwerera ndi chiganizo choloŵeza pamtima. Palibe amene adamufunsa kuti zigobazo zidali pakuya bwanji, kapena kuti dothi lozizinga lidali lotani. Komatu mafunso aŵiri ameneŵa ndiwo amene akatswiri amayambira pofufuza mmene nyanja zikuluzikulu zidalili zaka mamiliyoni zapitazo. Njira yawo, aphunzitsi anzanga, tingathe kuiphunzitsa pagombe la Chilwa pomwepa, ndi sefa ndi beseni.

Gwero lina la chisokonezo ndi chinenero chathu chomwe. Tili ndi liu limodzi lokha, nyanja, ndipo timatchula nalo Chilwa, Chiuta, Malombe ndi Malaŵi, komanso chimadzi chopanda tsidya chija cha ku Beira ndi ku Nacala. Pa Chilwa zimavutirapo chifukwa madzi ake nawonso ali ndi kamchere, monga adaonera David Livingstone atafika m'mbali mwake mu April 1859. Koma mchere umenewu suchokera ku nyanja yaikulu. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imathira madzi ake m'Chilwa, koma palibe mtsinje wotulukamo. Dzuŵa limamwa madzi, mchere umene mitsinje idasungunula m'miyala nkutsalira. Tsono m'nkhani ino ndikati "nyanja yaikulu" ndikunena zija zozinga maiko, ndipo ndi bwino kuti nanunso muzisiyanitsa motero pamaso pa ana.

Choko ndi nyengo ya Cretaceous

Nyengo imene mphunzitsi uja ankanena imatchedwa Cretaceous. Idayamba zaka pafupifupi 145 miliyoni zapitazo, nitha zaka 66 miliyoni zapitazo. Dzinali adalipereka katswiri wa miyala wa ku Belgium, d'Omalius d'Halloy, mu 1822, polichotsa ku liu la Chilatini lakuti creta, kutanthauza choko. Adatero chifukwa miyala yambiri ya nyengo imeneyo kumadzulo kwa Ulaya ndi choko chenicheni, monga maphompho oyera a ku Dover m'dziko la England.

Choko chachilengedwe ndi manda a tamoyo tosaoneka ndi maso. M'madzi a pamwamba a nyanja yaikulu mumayandama tizomera ta selo imodzi timene timadzikuta ndi timbale ta njereza totchedwa coccolith. Timbaleti ntating'ono zedi, kotero kuti toposa 100 titandandalikidwa pamzere ndiye tingakwanitse milimita imodzi. Pamodzi ndi tizomerati pali tizilombo totchedwa foraminifera, natonso ta selo imodzi, koma tokulirapo ngati kamchenga kamodzi. Kalikonse kamamanga chigoba cha tizipinda tingapo tolumikizana. Tamoyoti tikafa, tizigoba take timamira pang'onopang'ono nkukaunjikana pansi, chaka ndi chaka, mpaka matope oyerawo amauma nkusanduka mwala. Mu 1868 Thomas Huxley adakamba nkhani yonseyi kwa anthu wamba ogwira ntchito mu mzinda wa Norwich atanyamula kachidutswa ka choko m'manja. Ndimakonda kukumbutsa ophunzira athu za iye, chifukwa adasonyeza kuti phunziro lalikulu lingayambire pa chinthu chopezeka m'thumba.

Chenjerani pano. Choko chambiri chimene timalembera pabolodi chimapangidwa ndi mwala wina wotchedwa gypsum, ndipo mulibe tizigoba m'menemo. Mukadontheza viniga kapena madzi a ndimu pa chigoba cha nkhono chophwanya, pamatuluka tithovu. Pa gypsum sipatuluka kanthu. Yesani choko chanu muli nokha musanalonjeze ana kanthu.

Kodi kachigoba kanganene chiyani?

Matope a pansi pa madzi odekha amayalana ngati mphasa zosanjikiza: ya pansi ndiyo idayalidwa poyamba. Akatswiri amaboola pansi pa nyanja ndi mapaipi aataliatali nkutulutsa matopewo osasokoneza msanjo wake. Ntchito yaikulu yotere idayamba mu 1968 ndi chombo chotchedwa Glomar Challenger, chaka chomwe chija nyanja ya Chilwa idauma. Matope akafika kumtunda amaŵatsuka pa sefa, nkuŵaumitsa, nkuyamba kutola tizigoba kamodzikamodzi pansi pa maikulosikopu.

Choyamba amaŵerenga mitundu. Foraminifera tina timayandama m'madzi a pamwamba, tina timakwaŵa m'matope a pansi. Pafupi ndi gombe, pamene madzi ndi osaya, tokwaŵa ndito timachuluka. Kutali kumene ndi kwakuya toyandama timaposa. Choncho kungoŵerenga kuti pa tizigoba 100 toyandama tilipo tingati, munthu amadziŵa ngati malowo adali osaya kapena akuya. Ndiponso popeza mitundu ya tizilomboti inkasinthasintha m'kupita kwa nthaŵi, wina kuzimirira wina kubadwa, imathandiza kudziŵa zaka za mwala, monga momwe ndalama yachitsulo yopezeka m'bwinja imasonyezera nyengo imene anthu ankakhalapo.

Chachiŵiri ndi kutentha kwa madzi, ndipo apa ndichedwapo pang'ono pakuti ndi pamene ophunzira athu amakayika. Amafunsa kuti, "Kodi munthu angayeze bwanji kutentha kwa madzi amene adaphwa zaka 90 miliyoni zapitazo?" Nkhani yake ili motere. Madzi ndi njereza zonse zili ndi okosijeni m'kapangidwe kake, koma okosijeniyo sali wofanana yense. Maatomu ake ambiri ndi opepuka, ndipo amaŵapatsa nambala 16. Koma pa maatomu 500 alionse pamapezeka pafupifupi imodzi yolemererako, ya nambala 18. Kachilombo kakamamanga chigoba chake m'madzi ozizira kamatengako okosijeni wolemerayo wochulukirapo pang'ono. M'madzi ofunda kamatenga wocheperapo. Kusiyanako nkochepa kwambiri, koma makina amatha kukuyeza. Harold Urey wa ku Chicago ndiye adafotokoza zimenezi mu 1947, ndipo mu 1955 Cesare Emiliani adasonyeza mmene njirayi ingagwirire ntchito pa foraminifera za m'matope a pansi pa nyanja. Kachigoba kalikonse, tinene choncho, kadasunga kutentha kwa madzi a masiku amene kadamangidwa.

Koma umboni nawo umatha kusokeretsa. Kwa zaka zambiri tizigoba totengedwa pansi pa nyanja zakuya tinkasonyeza kuti m'nyengo ya Cretaceous madzi a m'madera otentha, apakati pa dziko, adali ozizirirapo kuposa lero, pamene madzi a kumpoto ndi kummwera kwenikweni adali ofunda. Izi zidazunguza akatswiri mitu, pakuti sizinkamveka kuti dziko lonse lifunde koma pakati pake pazizire. Mbali yaikulu ya yankho idapezeka kwa anansi athu a ku Tanzania, m'madera a Kilwa ndi Lindi a m'mbali mwa nyanja yaikulu ya India. (Ana asasokoneze Kilwa ameneyu ndi Chilwa wathu; maina okha ndiwo akufanana.) Kumeneko matope a nyanja ya Cretaceous tsopano ali pamtunda, ndipo ndi dongo lomata losalola madzi kudutsa. Tizigoba ta m'dongolo tidasungika bwino lomwe, toŵala ngati galasi, ngati kuti eniake adafa dzulo. Poyerekeza nato, tizigoba ta kunyanja yakuya tija tidaoneka tachimbuuzi, chifukwa titamira tidakhala zaka zosaŵerengeka m'madzi ozizira a pansi, njereza yatsopano nkumamera pa ito. Makina ankayeza chisakanizo cha madzi ofunda a pamwamba ndi ozizira a pansi. Mu 2001 Paul Pearson ndi anzake adalengeza kuti tizigoba tosungika bwinoti tikusonyeza madigiri 28 mpaka 32. Kuyambira 2002 akatswiri a ku Tanzania ndi a maiko ena adayamba kuboola m'maderawo, ndipo mu 2013 Kenneth MacLeod, Brian Huber ndi anzawo adasonyeza kuti zaka zoposa 90 miliyoni zapitazo madzi a pamwamba cha ku Lindi ankapitirira madigiri 30, popanda chizindikiro chakuti madzi oundana ankaunjikana kumathero a dziko. Ine ndimaona kuti nkhani ya kulakwitsa ndi kukonza kumeneku ndi yofunika kwa mwana kuposa nambala zomwezo. Imamuphunzitsa kufunsa kuti, "Kodi umboniwu udasungika bwanji?"

Chachitatu ndi mpweya wa m'madzi, ndipo chimenechi mwana wa ku Chilwa amachidziŵa ndi mphuno. Mukaponda m'matope akuda a m'njedza mumamva fungo la dzira lovunda. Fungolo limatuluka pamene zomera zakufa zachuluka kotero kuti tizilombo tozivunditsa tatha okosijeni yense. M'miyala ya Cretaceous muli misanjo ya matope akuda otero, ndipo mu 1976 Seymour Schlanger ndi Hugh Jenkyns adaona kuti misanjoyo ndi ya nthaŵi zofanana m'nyanja zotalikirana kwambiri. Ndiye kuti pa nthaŵi zina madzi akuya a mbali yaikulu ya dziko adasoŵa mpweya. Imodzi mwa nthaŵi zimenezi idali zaka pafupifupi 94 miliyoni zapitazo. Ziphalaphala zamoto zotuluka pansi zidathira mpweya wambiri wa kaboni dayokisaidi mumlengalenga, dziko lidafunda, mvula idakokolola chonde cha pamtunda kupita nacho kunyanja, ndere zidachuluka, nkufa, nkuvunda, ndipo madzi ofunda sasunga okosijeni wambiri. M'misanjo yakudayo tizigoba ta foraminifera tokwaŵa pansi timachepa kapena kusoŵeratu, ndipo mtundu wina woyandama m'madzi akuyirapo, Rotalipora, udazimiriratu pamenepo. Apa kusapezeka kwa chigoba ndiko umboni.

Mathero a nyengo yonseyi nawonso adaoneka m'tizigoba. Ku Gubbio m'dziko la Italy kuli kamsanjo ka dongo kochindikala ngati chala. Pansi pake foraminifera ndi tokulirapo ndi tamitundumitundu; pamwamba pake patsala tochepa, tating'onoting'ono. Poyeza dongo limenelo Luis ndi Walter Alvarez adafika pa ganizo lawo la mu 1980, lakuti chimwala chochokera kuthambo chidagunda dziko. Dzenje lake lidapezeka pambuyo pake ku Chicxulub, m'dziko la Mexico.

Nanga kuno kwathu kudali chiyani?

Nzoona kuti m'nyengo ya Cretaceous madzi a nyanja zikuluzikulu adakwera nasefukira m'maiko ambiri. Adamiza zigwa za m'mbali mwa Mozambique ndi Tanzania. Koma kuno sadafike. Malaŵi udali mtunda, ndipo umboni wake ana a ku Kachulu amauona tsiku ndi tsiku popita kusukulu. Phiri la Zomba ndi la Malosa kumadzulo, la Chikala kumpoto, la Mulanje kummwera, ndi chilumba cha Chisi m'nyanjamo, zonsezi ndi miyala imene idali yosungunuka ndi moto wa pansi pa dziko, nkuuma pakati pa zaka pafupifupi 140 miliyoni ndi 110 miliyoni zapitazo. Gulu lonse la miyala imeneyi akatswiri a dziko lonse amalitchula ndi dzina la Chilwa. Ndiye kuti mwana wofuna kukhudza mwala wa Cretaceous sayenera kupita ku Dover.

Pa Chisi pali msampha umene mphunzitsi ayenera kuudziŵa. Pakati pa chilumbacho pali mwala wotchedwa carbonatite, umene Frank Dixey ndi anzake adaufotokoza mu 1937. Mwalawu uli ndi njereza yambiri, ndipo ukauphwanya nkuuthira viniga ungatulutse tithovu monga chigoba cha nkhono. Wina angafulumire kunena kuti nawonso udachokera ku zigoba za m'nyanja yaikulu. Ayi ndithu; udakwera kuchokera pansi uli wosungunuka, ndipo simungapezemo kachigoba nkamodzi komwe. Viniga amangotiuza kuti pali njereza, satiuza kumene njerezayo idachokera.

Zinyama za dinosaur zidalikodi m'dziko muno, koma zinkayenda pamtunda. Mafupa ake adapezeka m'boma la Karonga, m'miyala imene idayalidwa ndi mitsinje ndi madambo. Chimodzi mwa izo chidapatsidwa dzina lakuti Malawisaurus dixeyi mu 1993, ndipo china, Karongasaurus, adachitcha dzina ndi katswiri wa kuno kwathu, Elizabeth Gomani, mu 2005. Chifanizo cha mafupa a Malawisaurus chidaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga. Atsikana a m'kalasi mwanu adziŵe kuti ntchito imeneyi adaigwira ndi mai wa Chimalaŵi.

Njira yomweyo pa nyanja zathu

Foraminifera sitipezeka m'Chilwa kapena m'nyanja ya Malaŵi, pakuti nta m'nyanja yaikulu. Komabe nyanja zathu zili ndi mboni zake. Pali tizomera totchedwa diatom, ta tizigoba tonga galasi. Mitundu ina imakonda madzi opanda mchere, ina amchere, ina akuya, ina osaya. Palinso tizilombo totchedwa ostracod, ta mtundu wa nkhanu, timene timakhala m'kachigoba ka mbali ziŵiri konga kambeu ka nyemba, kaŵirikaŵiri kosapitirira milimita imodzi kapena aŵiri.

Mu 2005 akatswiri adaboola pansi pa nyanja ya Malaŵi natulutsa matope a mamita mazana angapo. M'misanjo ina adapeza matope osalala, oyalana bwino, a madzi akuya opanda mpweya, monga momwe kulili lero pansi pa nyanjayo. Pakuti kupitirira mamita 250 kutsika pansi mulibe okosijeni, ndipo mulibe chamoyo chofukula matope. Koma m'misanjo ina adapeza tizigoba ta ostracod tambirimbiri, pamodzi ndi diatom za m'madzi osaya. Christopher Scholz, Andrew Cohen ndi anzawo adalengeza mu 2007 kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kudagwa zilala zoopsa, ndipo nyanja imene lero ndi yakuya mamita 700 idatsika ndi mamita oposa 500, nisanduka yosaya ndi yamchere. Kunena kwina, idayamba kufanana ndi Chilwa.

Chilwa mwini ndi nyanja yosakhazikika, ndipo izi nzimene zimamuyenereza kukhala mphunzitsi. Malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita 2 kapena 3. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka makande ong'ambika. Ofufuza a Yunivesite ya Malaŵi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, adalondola kuuma kwa 1968 ndi kubwerera kwa madzi, ndipo zimene adapeza zidatuluka m'buku mu 1979. Adaona mchere ukukwera pamene madzi akuphwa, matemba, makumba ndi milamba zikufa kapena kuthaŵira m'mitsinje, kenaka zamoyo zikubwerera mtundu ndi mtundu. Kalekale nyanjayi idali yaikulu kuposa lero. Magombe ake akale akali kuoneka ngati makwerero a mchenga ndi miyala yoviringika kutali ndi madzi, ndipo kumpoto kuli mtandadza wa mchenga umene udailekanitsa ndi Chiuta, nutseka njira imene madzi ankatulukira kupita ku mtsinje wa Lugenda.

Ana ambiri a m'masukulu aŵa amadya ndi kuvala kuchokera m'nyanjayi, ndipo ena adaonapo makolo awo akukoka mabwato pa matope ouma. Kwa iwo funso lakuti madzi amasintha bwanji, ndipo chifukwa chiyani, si la mayeso okha. Akatswiri nawonso safufuza nyanja za Cretaceous chifukwa chokonda zakale chabe. Nyengo imeneyo ndi chitsanzo cha mmene dziko limakhalira mpweya wa kaboni dayokisaidi ukachuluka mumlengalenga, ndipo mpweya womwewo ukuchulukanso m'masiku athu ano.

Kakonzedwe ka phunziro

Phunziroli limayenda bwino m'mwezi wa October kapena kumayambiriro kwa November, madzi atabwerera m'mbuyo. Lisanafike tsikulo, tumani ana akafunse agogo awo za zaka zimene nyanja idauma: adafika pati madzi, matope ankaoneka bwanji, ndani adayenda pansi mpaka ku Chisi. Mau a akuluakuluŵa alembedwe, chifukwa ndiwo adzakhale muyeso wa zimene matope adzasonyeze.

M'kalasi yambani ndi botolo loonekera mkati. Thiranimo madzi, kenaka mchenga woyera, mudikire ukhazikike. Maŵa lake dothi lakuda losakaniza ndi zigoba zophwanya. Tsiku lachitatu phulusa. Funsani kuti msanjo wakale ndi uti. Ana onse adzayankha bwino. Kenaka vundulani ndi kamtengo, nkufunsanso. Apa ndi pamene amazindikira okha chifukwa chake matope osafukulidwa ali amtengo wapatali.

Za kugombe, pemphani chilolezo kwa a mfumu ndi kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo mutengeko kholo limodzi kapena aŵiri. Ana asaloŵe m'madzi ndipo asatole nkhono zamoyo, pakuti likodzo m'derali lilipo. Ntchito yonse ichitikire pouma. Ngati muli ndi paipi ya pulasitiki, ikhomereni pansi ndi chipika, muizule, nkukankha matopewo ndi mpini kuti atuluke athunthu. Ngati mulibe, kumbani dzenje lofika m'chiuno ndi kusalaza khoma limodzi ndi khasu. Ine ndimakonda dzenje, chifukwa ana ambiri amaona nthaŵi imodzi. Ayeze ndi rula kuchindikala kwa msanjo uliwonse, ajambule, anene mtundu wake, aununkhize, aufikise pakati pa zala. Atenge dothi lodzaza bokosi la machesi pa msanjo uliwonse, ndi kulembapo kuya kwake nthaŵi yomweyo. Bokosi losalembedwa ndi dothi chabe, ndipo mphunzitsi asachite manyazi kulitaya ana akuona.

Mukabwerera, viikani dothi la bokosi lililonse m'madzi usiku wonse, nkulitsuka pa sefa wa ufa woyalapo kansalu kopyapyala. Zotsalira ziume padzuŵa, kenaka zimwazidwe pang'onopang'ono pa pepala lakuda kapena pa sileti. Galasi lokuzira zinthu limodzi likwanira gulu la ana asanu. Kutola kuchitike ndi nsonga ya udzu yonyoŵetsa. Ana adzadandaula kuti sakuona kanthu. Akumbutseni kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Pakapita mphindi zingapo maso amazoloŵera, ndipo pakati pa mchenga pamayamba kuoneka zidutswa za nkhono, timinga ta nsomba, njere za udzu, makala a lupsa, ndipo mwamwai tizigoba ta ostracod. Za diatom musalonjeze, pakuti zimafuna maikulosikopu yamphamvu. Chithunzi chojambula pabolodi chikwanira.

Gaŵani bolodi paŵiri. Mbali ina lembani "Chimene taona", inayo "Chimene tikuganiza". Mwana akati, "Pamenepa padali madzi akuya," mufunseni kuti mau akewo apite mbali iti, ndipo chimene waona nchiyani. Ambiri a ife aphunzitsi tidakula tikusakaniza ziŵirizi, ndipo ndavomereza kwa ophunzira anga kuti inenso ndimapunthwa pomwepo. Mukatha apa mpamene mungaŵauze za Lindi ndi za Gubbio, chifukwa tsopano adziŵa ndi manja awo chimene akatswiri aja amachita.

Chotsalira ndi kukula kwa nthaŵi, kumene nambala za pabolodi sizitha kukufotokoza. Tulukani nawo kubwalo la mpira. Mita imodzi iimire zaka 1 miliyoni, ndipo mzere wa pagolo ukhale lero. Mwana woimira kutha kwa Cretaceous aime pa mamita 66. Woimira matope akuda aja pa mamita 94. Woimira chiyambi cha nyengoyo adzatuluka m'bwalo, kukaima pa mamita 145, mwina m'munda wa chinangwa wa eniake. Tsono funsani kuti chilala chija cha nyanja ya Malaŵi chikhale pati. Chili pa masentimita 13 ndi theka kuchokera pamzere wa lero, kosakwana ndi phazi la mwana. Ulendo wa Livingstone wa mu 1859 sukwana ngakhale kuchindikala kwa chikhadabo.

Ndidakambirana zonsezi ndi wophunzira wathu uja madzulo a tsiku lomwelo. Sabata yotsatira adaima pamaso pa ana naŵauza kuti afafanize yankho lija m'makope mwawo. Adapempha mtsikanayo kuti afunse atate ake kuya kumene zigoba zidapezeka, ndi kubweretsa dothi la pamulu wa pachitsimepo. Zigobazo zidali za nkhono za m'madzi, zonga zimene zimapezeka m'madambo a Chilwa lero lino, osati nkhono zikuluzikulu za kumunda zimene zimadzikwirira zokha m'chilimwe. Atatsuka dothi lotuwa la pansi, adapeza mchenga woviringika ndi tizigoba tingapo ta mbali ziŵiri. Mtsikanayo adalemba ku mbali ya "Chimene tikuganiza" kuti nyanja idafikapo pamudzi pawo. Mnyamata wina wa kumbuyo adatsutsa, nati mwina padali dambo chabe lodzaza ndi madzi a Likangala, pakuti nkhono zotero zimakhalanso m'madambo. Mphunzitsi adalemba maganizo onse aŵiri, ndipo kalasi lidagwirizana kuti lidzakumbe maenje ena aŵiri pakati pa mudziwo ndi gombe, kuti lione ngati msanjo wotuwawo ukupitirira mpaka kunyanja.